Anapita kukasaka ntchito pa kabwato, anakathera m'ndende ku Australia

Anzanga, mwezi uno tsamba la mbiri yakale landigwera ine, ndiye ndati ndisakubwerezereni za mapangano a mayiko zomwe tinaloweza kale pokonzekera mayeso. Ndikufuna ndikuuzeni za mnyamata wina wa ku Germany, dzina lake Oskar Speck, yemwe ntchito itamuthera anakwera kabwato kukasaka ina, n'kutha zaka 7 ndi miyezi 4 ali paulendo. Anakafika mpaka ku Australia, akupalasa yekha. Ndipo atangoponda mtunda, apolisi anamuyamikira kaye, kenako n'kumumanga.

Tiyambire mu 1932. Chuma cha mayiko ambiri chinali chitagwa kuyambira mu 1929, ndipo Germany inali imodzi mwa mayiko omwe zinawavuta kwambiri. Anthu pafupifupi 6 miliyoni analibe ntchito. Speck, yemwe anabadwa mu 1907, anali wamagetsi mumzinda wa Hamburg, ndipo anali ndi kakampani kake komwe kanalemba anthu 21. Kakampaniko kanatsekedwa. Ndiye taganizani, munthu wa zaka 25, luso ali nalo, manja ali nawo, koma kolowera kulibe. Ambirife zimenezi sitikufunika kuchita kutilongosolera. Anamva mphekesera yoti ku migodi ya kopa pa chilumba cha Cyprus ntchito ikupezeka, ndipo mtima unakhala pomwepo. Ndalama ya tikiti ya sitima analibe. Chomwe anali nacho ndi kayaki.

Apa ndiime kaye, chifukwa wina akamva kuti bwato aganiza za bwato logoba lomwe asodzi amakwera. Ayi. Kayaki ndi kabwato kowonda, kosongoka uku ndi uku, kotseka pamwamba kupatula pabowo pomwe munthu amakhala, miyendo atatambasula mkati. Nkhafi yake imakhala ndi mapeto awiri opalasira, ukumenya kumanja, ukumenya kumanzere. Anayambitsa ndi anthu a mtundu wa Inuit a kumadera ozizira kwambiri a kumpoto, omwe ankakutira mafupa kapena timitengo ndi zikopa. Ya Speck inali ya mtundu wopinda, yopangidwa ndi kampani yotchedwa Pionier: nthiti za matabwa opyapyala, zokutidwa ndi nsalu yokhuthala yamphira. Ukafuna umaimasula, n'kuilongedza m'zikwama, n'kukwera nayo basi. M'litali inali mamita pafupifupi 5 ndi theka, m'lifupi yosakwana mita imodzi. Inapangidwira mitsinje ndi nyanja zing'onozing'ono, zoti achinyamata azikasangalala Loweruka ndi Lamlungu. Anaitcha Sunnschien, kutanthauza kuwala kwa dzuwa. Ndipo olemba mbiri yake amati mkuluyu kusambira sankadziwa, moti pakavuta ankadzimangirira ku bwatolo ndi chingwe.

Pa 13 Meyi 1932 anaika kayakiyo pa mtsinje wa Danube mumzinda wa Ulm. Danube anamuona kuti ndi wofatsa kwambiri, ndiye anasamukira pa mtsinje wa Vardar ku Macedonia, womwe uli ndi mathithi. Kumeneko nthiti za bwato zinathyokathyoka. Podikira zina kuchokera kwawo, chisanu chinafika, mtsinje n'kuuma kukhala ayezi, iye n'kukhala miyezi ingapo pamalo amodzi. Atatulukira pa nyanja pafupi ndi Thessaloniki anaikapo kathanga kakang'ono koti mphepo izimukankhako, n'kuyamba kudumpha chilumba ndi chilumba cha Greece, kutsata gombe la Turkey, mpaka kuwolokera ku Cyprus.

Ndiye apa m'pomwe nkhani imandizunguza mutu. Wafika komwe ankafuna. Migodi ija ili pompo. Koma munthu uja sanakhale. Njira inali itamulowa m'magazi, ndipo anayamba kuuza anthu kuti akupita ku Australia. Wina anganene kuti ndi kulimba mtima, wina anganene kuti ndi misala. Ine ndimaona ngati anazindikira kuti pamtunda iye anali mmodzi chabe mwa anthu mamiliyoni opanda ntchito, koma m'kabwato kaja anali munthu yemwe mudzi wonse umathamangira kugombe kudzamuona.

Kuchoka ku Cyprus anawoloka kupita ku Syria, masiku awiri osagona. Kumeneko anapinda bwato lija, n'kukwera basi mpaka ku mtsinje wa Euphrates, n'kutsika nawo kudutsa Iraq mpaka kukatulukira ku Persian Gulf. Iye mwini anadzafotokoza kuti usiku wina pa mtsinjewu anthu ena anamuwombera ali kumtunda. Gombe la Persia, komwe lero timati Iran, ndi louma, lotentha, midzi ili patalipatali, madzi akumwa ndi osowa. Ku Bandar Abbas anakhala pafupifupi theka la chaka akudikira bwato latsopano, poti lomwe anali nalo linali litatheratu, ndipo m'pomwe malungo anamugwira. Sanamusiyenso. Ulendo wonse wotsalawo ankabwerabwera. Amene munadwalapo malungo mukudziwa momwe mfundo zimaphwanyira, kunyamula ndowa yokha kumakanika. Ndiye mukhale pakati pa madzi, dzuwa likuswa mtengo, mukuyenera kupalasa kuti mufike pomwe mungagone.

Gawo lomwe ndikufuna tikhalitsepo ndi la India, chifukwa m'pomwe timaona kuti ulendo wotere mwini wake weniweni ndi mphepo. Ku nyanja ya Indian Ocean mphepo imayenda ndi nyengo. Kuyambira cha mu Juni mpaka Seputembala, mtunda wa Asia umatentha kuposa nyanja, mpweya wotentha n'kukwera m'mwamba, ndiye mphepo yochokera kunyanja, kum'mwera chakumadzulo, imathamangira kumtunda itasenza mvula ndi mafunde. Imeneyo ndiyo monsoon. Miyezi yozizira zimatembenuka, mphepo imachokera kumtunda ndipo nyanja imafatsako. Amalonda a zombo zamatanga, Aluya ndi Amwenye, akhala akuyendera kalendala imeneyi kwa zaka mazanamazana. Mphepo ikalola amapita, ikakana amadikira padoko. Speck naye anaphunzira zomwezo. Anafika ku Colombo, pa chilumba cha Ceylon chomwe lero ndi Sri Lanka, pa 13 Meyi 1935, ndendende zaka zitatu chinyamukire ku Ulm, ndipo anakhala komweko miyezi itatu kudikira kuti nyengo yoipa idutse.

Koma ngakhale tsiku labwino lili ndi msampha wake. Munthu wa kayaki sagona pamadzi ngati angapewe, madzulo aliwonse ayenera kutuluka. Ndipo magombe ambiri a India ndi mchenga wautali wopanda pobisalira, pomwe mafunde ochokera kutali amadzaswekera. Pakati pa nyanja funde limangokunyamula n'kukutsitsa, silikupweteka. Koma likamayandikira kumtunda, pansi pake pamakhudza mchenga n'kuchedwa, pamwamba pake n'kupitirira, ndiye limaimirira ngati khoma n'kugwa chafufumimba. Wopalasa ayenera kuima kunja kwa mzere umenewo, kuwerenga mafunde, kudikira akuluakulu adutse, kenako n'kupalasa ndi mphamvu zonse, mphuno ya bwato italunjika kumtunda. Likangopotoka pang'ono n'kupereka nthiti ku funde, basi, lagubuduzika, katundu yense m'madzi. M'mawa ntchito ndi yomweyo koma chobwerera, kuboola khoma lija kuti utuluke. Speck anagubuduzika kangapo konse pa magombe amenewa. Ndipo kumbukirani, bwato lake linali timatabwa ndi nsalu. Funde limodzi lokwiya linkatha kumubwezera m'mbuyo miyezi, akudikira zipangizo kuchokera ku Germany pa sitima. Pa ulendo wonse anagwiritsa ntchito makayaki asanu, ndipo kampani ya Pionier inkamutumizira atsopano poona kuti akuitchukitsa.

Za GPS, foni kapena zolosera zanyengo iwalani. Anali ndi kampasi, mapu, ndi maso ake. Ndalama ankazipeza movutikira, pena pokamba za ulendo wake pamisonkhano m'matauni, pena kwa abale ndi anthu omumvera chisoni. Ku India atsamunda a ku Britain ena ankamuitanira ku chakudya ngati mlendo wolemekezeka, ena ankamukayikira. Anamugwirapo pomuganizira kuti ndi kazitape, kenako n'kumutulutsa. Mjeremani woyenda yekha m'magombe, ali ndi kamera ndi mapu, akulemba zinthu m'kabuku. Kunena zoona, ndikanakhala wapolisi nanenso ndikanamufunsa mafunso angapo.

Anafika ku Calcutta kumayambiriro kwa 1936, n'kutsikira m'gombe la Burma. Apa anachita zomwe amalonda akale aja sakanachita: anapitiriza ulendo monsoon ili mkati. Anadzafotokoza kuti chimphepo chinkatha kumukankhira kutali ndi mtunda, iye n'kupalasa maola 30 kapena 40 osapuma kuti abwerere, manja atauma moti kuwatambasula pa nkhafi kunali kowawa. Anadutsa Singapore, n'kulowa m'zilumba zomwe nthawi imeneyo zinkalamulidwa ndi Adatchi, lero Indonesia. Kuchoka ku Java njira yake inaloza kum'mawa, ndipo kumeneko, miyezi ya pakati pa chaka, mphepo imawomba kuchokera kum'mwera chakum'mawa tsiku ndi tsiku, maso ndi maso ndi wopalasa. Anzathu a kunyanja muidziwa mphepo imeneyi, ndi mtundu womwewo wa mwera womwe umakhazika asodzi pagombe mu Juni ndi Julaye. Kusiyana kwake n'koti uko pakati pa chilumba ndi chinzake pamadutsanso madzi othamanga ngati mtsinje. Mphepo ikamakankhira uku, madzi akukokera uko, mafunde amasongoka mopanda dongosolo, ndipo kathanga kaja sikathandiza chilichonse.

Koma chomwe chinatsala pang'ono kumupha si nyanja. Mu 1937, pa kachilumba kotchedwa Lakor, anthu anamudzutsa usiku ali pagombe. Mmene iye anafotokozera, anamumanga ndi zingwe zachikopa, kumumenya ndi kumuponda mpaka khutu linaphulika mkati. Atamusiya pang'ono anadzimasula, kukankhira bwato m'madzi, n'kuthawa mumdima. Nkhaniyi timaimva kuchokera pakamwa pa iye mwini, ndipo tisaiwale kuti anali ndi mfuti yaing'ono yomwe anawaonetsa, m'dziko lomwe mzungu wa mfuti sankabwera ndi zabwino kawirikawiri. Sindikuikira kumbuyo omumenyawo ayi, ndikungoti mantha analipo mbali zonse ziwiri. Anakalandira chithandizo ku Ambon, kenako opaleshoni ku Surabaya, ndipo pafupifupi chaka chathunthu chinapita. Atachira, boma la Adatchi linamukaniza kudutsa kum'mwera kwa New Guinea, komwe kunali kwachidule. Anachita kuzungulira chilumba chachikulucho cha kumpoto, kudutsa Hollandia ndi Madang, kukakhota kunsonga ya kum'mawa, n'kubwerera chakumadzulo kudzera ku Port Moresby.

Chaka chomwe anataya chija, kuphatikizapo njira yozungulirayi, n'zomwe zinamupweteka. Chifukwa pomwe iye ankawerenga mafunde, kwawo zinthu zinali zitasintha. Ananyamuka Adolf Hitler asanalowe m'boma. Hitler anatenga ulamuliro mu Januwale 1933, Speck ali kale m'njira, ndipo Germany ya chipani cha Nazi iye sanakhalemo n'tsiku limodzi lomwe. Pa 1 Seputembala 1939 Germany inalowa m'dziko la Poland. Pa 3 Seputembala, Britain inalengeza nkhondo, Australia nayo tsiku lomwelo. Speck anaimva nkhaniyi atafika pa Daru, kachilumba ka kugombe la Papua, atatsala pang'ono kwambiri kumaliza. Akuluakulu a pamenepo anamulola kuti apitirize kagawo kotsalako. Pa 20 Seputembala 1939 anakocheza pa chilumba cha Saibai, chomwe chili makilomita ochepa chabe kuchoka ku gombe la New Guinea koma ndi cha Australia. Apolisi atatu ankamudikira. Ndipo kutsogolo kwa bwato lake kunkauluka kambendera ka chizindikiro cha swastika.

Kambendera kameneka ndaganizapo masiku angapo. Omuikira kumbuyo amati kuyambira mu 1935 swastika inali mbendera ya dziko la Germany, ndiye munthu wapamadzi akamalowa m'dziko la eni amakweza mbendera ya kwawo, basi. Zoona zimenezo. Amatinso ali ku Batavia, komwe lero ndi Jakarta, anakangana ndi mkulu wa chipani cha Nazi wa kumeneko. Koma n'zoonanso kuti asanakangane ankalandira thandizo kwa anthu omwewo, poti kwa iwo anali chitsanzo cha Mjeremani wamphamvu. Ine sindikuganiza kuti anali kazitape, kazitape sangathe zaka 7 akudwala malungo pamchenga. Koma sindikufunanso kumuyeretsa ngati sankadziwa kanthu. Pofika 1939 nyuzipepala za m'madoko onse omwe anadutsa zinali zitalemba kale zomwe Ayuda ankachitiridwa ku Germany. Ndikuona ngati anali munthu wa mtundu uja timaudziwa, woti ndale sizimukhudza bola zake zikuyenda, yemwe amavala malaya a aliyense womupatsa ndalama ya ulendo. Munthu yemwe ankatha kuyang'ana mtambo n'kudziwa kuti pakutha ola limodzi kubwera chimphepo, analowa m'dziko lomwe lili pa nkhondo ndi kwawo atakweza chizindikiro chimenecho.

Anamutengera ku Thursday Island, kenako kumtunda, ku kampu ya Tatura m'chigawo cha Victoria komwe ankasungirako nzika za mayiko a adani. Anathawako, anagwidwanso, ndipo anamusamutsira ku kampu ya Loveday ku South Australia. Anatuluka mu Januwale 1946. Werengani bwino pamenepo: zaka zoposa 7 paulendo, zaka zoposa 6 m'waya. Anachoka kwawo ali ndi zaka 25, anayamba moyo wa ufulu ku Australia ali ndi zaka 38. Komabe mwina kampuyo inamupulumutsa. Hamburg, mzinda wake, unaphulitsidwa ndi mabomba mu Julaye 1943, anthu masauzande makumi angapo n'kufa m'masiku ochepa, ndipo amuna a msinkhu wake ambiri anathera ku nkhondo ya ku Russia.

Chodabwitsa n'choti migodi ija anakaipezadi, kungoti inali ina. Ali m'kampu anaphunzira kusema miyala yamtengo wapatali, ndipo atangotuluka analunjika ku Lightning Ridge, komwe amakumba miyala ya opal. Anachita bwino pa malonda a miyalayi, anakhala nzika ya Australia, n'kumanga nyumba pa phiri loyang'ana nyanja ku Killcare, kumpoto kwa Sydney. Nkhani ya ulendo wake inatuluka m'magazini ya Australasian Post mu 1956, koma kutchuka komwe ankayembekezera sikunabwere. Nkhondo itangotha, ndani akanafuna kuombera m'manja Mjeremani yemwe anafika ndi swastika? Ku Germany nako anthu anali ndi maliro awo. Atamwalira, katundu wake, zithunzi, makalata, mapasipoti ndi mafilimu omwe anajambula m'njira, zinaperekedwa ku Australian National Maritime Museum ku Sydney, ndipo zambiri zomwe tikudziwa lero zikuchokera m'mabokosi amenewo.

Pa kutalika kwa ulendowu, mukafufuza pa intaneti mupeza paliponse akuti makilomita 50,000. Ine nambala imeneyi ndimaitenga mosamala. Kuzungulira dziko lonse lapansi pa equator ndi makilomita pafupifupi 40,000, ndipo Speck analibe chipangizo choyezera mtunda. N'zoona ankalowa m'magombe okhotakhota, kubwerera m'mbuyo, kukankhidwa ndi mphepo, koma 50,000 ikumveka ngati nambala yokomera mutu wa nyuzipepala. Tili ndi poyerekezera. Mayi wina wa ku Australia, Sandy Robson, anaganiza zotsata mapazi a Speck. Ananyamuka ku Ulm komweko mu Meyi 2011, pa kayaki yamakono, ali ndi GPS ndi foni ya setilaiti, akuyenda m'zigawozigawo motsata nyengo. Anafika pa Saibai pa 2 Novembala 2016, atapalasa makilomita pafupifupi 23,000 m'zaka 5 ndi theka.

Nambala ya Robson ndi yochepa pa chifukwa chinanso. Mbali ina ya njira ya Speck sanathe kuidutsa. Mu 2011 ku Syria nkhondo inali itayamba, Iraq inali yosayendeka, ndipo mtsinje wa Euphrates, womwe mnyamata wopanda ntchito uja anatsika nawo yekha zaka pafupifupi 80 m'mbuyomo, Robson anachita kuudumpha, n'kukayambiranso kupalasa ku India.